Manambala a m'mutu

Uthenga wa intaviyu unamupeza Lusubilo maliro a bambo ake, a Orton, asanazizire n'komwe. Tenti inali ikadali pakhomo paja ku Chilomoni, amayi a mvano akutsukabe mapoto. Kampani yomwe inamuitanayo inali ya m'tauni, zija zimatolera manambala a m'zipatala n'kumalowetsa m'kompyuta, eni ake amati deta. Ntchitoyo ikamuphonya, ndiye kuti azing'ono ake awiri sukulu yathera pomwepo, poti wogwira ntchito m'nyumbamo anali malemuwo basi.

Msuweni wake Fletcher, uja amadziwa zonse koma sanalembedwepo ntchito, anamukokera kuseri.

"Sisi, maintaviyu ndimawadziwa ine. Bwana akati thambo ndi lofiira, iwe uziti, 'Lofiiradi bwana, ngati tomato.' Osatsutsa."

A nesi Veronica, oyandikana nawo nyumba, anamva. "Iwe Fletcher, ukanakhala kuti umawadziwa, bwenzi ukugonera zakudya za pamaliro chonchi? Mwanangu Lusubilo, pita. Koma nambala iliyonse ukaione kumeneko ndi munthu. Usaiwale chimene chawagoneka bambo ako."

Akanaiwala bwanji? A Orton ankapita kukayezetsa BP osadumphitsa. Makina atafa, woyeza wa kuchipatalako ankangolemba manambala abwino a m'mutu mwake kuti mzere uthe msanga. Munthu n'kumabwerera kunyumba akuseka, ati ndili bwino, mpaka tsiku lija anagwa pasiteji ya minibasi.

Lusubilo anapita ndi duku lake lakuda, maso otupa. Anapeza ofunsa awiri, bambo Henry ndi mayi Ruby. Mafunso oyamba anayankha bwinobwino. Kenako anamutembenuzira kompyuta. Munali mayina a odwala ndi zoyeza zawo, koma malo ena munalibe kanthu.

"Lipoti likufunika lero," anatero bambo Henry. "Mipatayo ingodzazani. Onani manambala a pamwambapo, mufanizire. Ndani angadziwe?"

Mawu a Fletcher anamubwerera, nkhope za azing'ono ake nazonso. Manja anafika pakompyuta, n'kuima.

"Ayi bwana, sindidzaza."

"Mwati bwanji?"

"Ndati sindidzaza. Ndilemba kuti munthuyu sanayezedwe, ndipo ndiimbira kuchipatalako amuyeze."

"Chemwali, panjapo mwawaona anzanu ali pamzere? Aliyense akuifuna ntchitoyi."

Lusubilo anaimirira, n'kuloza duku lake. "Ili sindinavalire fasho. Bambo anga tawaika dzana chifukwa wina anadzaza mpata ngati umenewu. Anawalembera kuti ali bwino, ife n'kumawathirira mchere m'ndiwo. Ntchito ndikuifuna, bwana, kunyumba kuli ana. Koma ngati ntchito yake ndi yopha bambo a munthu wina, apatseni a pamzerewo. Ine mandasi ndimatha kukazinga."

Anatuluka osacheuka. Misozi inadzatsika ali m'minibasi.

Kunyumba Fletcher anagwira m'mutu. "Wataya! Kukalalatira bwana muofesi mwake?"

"Wataya chiyani?" anatero a Veronica. "Mwanayu wabwera wathunthu."

Tsiku lochotsa tenti, foni inalira. Anali mayi Ruby.

"Lusubilo, funso lija timafunsa aliyense. Ambiri anadzaza, ena mpaka kutithokoza. Ife manambala opeka anatipweteka kale, sitiwafunanso. Mukamaliza za maliro mubwere mudzayambe. Pepani ndi zovutazo."

Lusubilo sanalumphe, sanakuwe. Analowa m'chipinda cha malemu, n'kukhala pamphepete pa bedi, pafupi ndi nsapato zawo zija zinali zisanagawidwe.

"Adada," anatero chapansipansi, "manambala abodza anakulemberani aja anali omaliza. Podutsa ine, wina sadzalemberedwanso bodza."

Phunziro: Ana inu, pofuna ntchito musamavomere chilichonse chifukwa cha njala. Chimene simunayeze musalembe, chimene simukudziwa nenani kuti simukudziwa. Nambala yabodza ilibe phokoso, koma ena tinaika nayo anthu m'manda.