Mtsinje wa Agogo Yesaya

Kunyumba kwathu ku Olievenhoutbosch tinalibe chilichonse chochokera ku Malawi, ngakhale chithunzi. Tinali ndi nthano imodzi yokha, ya Kamtedza, mbusa wa mbuzi amene anatsatira mtsinje wa m'mudzi mwawo chinjoka chitauba n'kukaubisa m'phiri la mabelu. Bambo anga, a Dennis, anabadwira ku Joni konkuno ndipo kumudzi ku Dedza sanapondeko, koma akayamba nthanoyi mumangoti anakulira m'tsinde mwa phirilo. Anaimva kwa bambo awo, malemu agogo Yesaya, omwe ankaphikira azungu ku Brooklyn, dera la anthu olemera konkuno. Bambo ankati akadzasiya kukonza mafiriji adzapita kukaliona ndi maso.

Aphunzitsi a ku yunivesite atatiuza kuti aliyense abwere ndi nthano ya makolo ake, ine ndi matama angawa ndinadzuka woyamba. Ndinafotokoza za phulusa logwa kumwamba, ndi za mlatho umene suwolotsa munthu asanausiyire chinthu chimodzi chomwe amakumbukira. Ndili mkati, ndinaona mnzanga Dineo atagwira pakamwa. Titatuluka anandikokera ku laibulale, n'kundipatsa buku lachingelezi lakalekale lachikuto chobiriwira.

"Chomi, mnzanga, sorry," anatero. "Ili ndi buku langa lapamtima. Ndinayamba kuliwerenga ndili ku pulayimale."

Mbusa uja analimo, kungoti ankaweta atsekwe. Mlatho unalimo, mabelu analimo, ndipo phulusa lija linali chipale chofewa. Bukulo linasindikizidwa ku Ulaya agogo asanabadwe n'komwe. Manyazi a m'kalasi sanandipweteke kwenikweni. Chinandiopsa n'chakuti ndikawauza bwanji bambo kuti phiri lawo ku Dedza kulibe.

Ine m'kamwa mwanga simugona nkhani. Loweruka masana ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwada kumbuyo kwa firiji ya kasitomala, ndipo ndinawapatsa bukulo nditatsegula pa chithunzi cha mlatho. Anapukuta manja pa ovolosi, n'kukhala pa kreti ya zakumwa.

"Chiko, uyu ndani?"

"Ndi Kamtedza, Abambo."

"Mzunguyu?"

Ndinawawerengera ndime ziwiri. Nkhope yawo inagwa ndikuona, ndipo ndinalakalaka ndikanalisiya bukulo pa shelefu pomwe linali. Anavundukula masamba pang'onopang'ono, akuyang'ana zithunzi.

"Eish," anatero. "Dona wa ku Brooklyn uja ankawerengera ana ake pakhonde akaweruka kusukulu. Windo la kukhitchini linali pomwepo. Ndiye kuti mdala ankasenda mbatata khutu lili panja."

"Mwina anangofuna mukhale ndi kanthu kakwanu."

Analitembenuza bukulo, akuyang'ana kukhuthala kwake.

"Yathu ija imathera pati?"

Ndinafufuza mpaka ndinapeza pamene mbusayo akugogoda pa chitseko cha phiri. Apo m'pamene agogo ankalekezera nthawi zonse, ndipo bambo nawonso ankalekezera pomwepo. Tinkangoti ndi mmene nthano zakwathu zimathera. Koma m'bukumo panali pakati penipeni, masamba ambirimbiri akadali kutsogolo.

"Ankati zotsalazo adzandiuza tikadzafika kumudzi, chifukwa sizinenedwa kudziko la eni," anatero bambo. "Ine ndakalamba ndikukhulupirira zimenezo. Kani anali asakuzidziwa! Anawachotsa ntchito chaka chimene ndinayamba sukulu, you see. Dona anali asanamalize kuwerenga."

Ndinkayembekezera kuti akalipa kapena aliponya bukulo kuseri kwa mpanda. Koma iwo anangolitenga m'manja mwanga n'kuliika pamawondo. Kasitomala anaitana pageti kufunsa za firiji yake, koma iwo sanatembenuke n'komwe. Anandibwezera bukulo ndi manja awiri.

"Tsegula kumapeto. Ndiuze chimodzi chokha, zinazo usiye. Mwanayo anabwerera kwawo?"

Ndinawerenga tsamba lomaliza chamumtima, kenako ndinabwerezanso kuopa kuwanamiza.

"Anabwerera, Abambo. Mtsinje unkamutsatira pambuyo, ndipo mudzi wonse unatuluka kukamuchingamira."

Anagwedeza mutu, maso ali pa dothi.

"Mdala tinamuika konkuno, kumanda a ku Mamelodi," anatero. "Anapita osadziwa kuti mwanayo anafika."