Tchati cha Mpweya wa Bambo

Chichotsedwereni ntchito ku kampani ya inshulansi, mwana woyamba wa m'banjamo ankadzitcha katswiri wa msika wa masheya, kumene anthu amagula ndi kugulitsa magawo a makampani. Abale ake ankangoti a Mizere. Tsiku lonse ankakhala patebulo la pabalaza ndi laputopu, kuyang'ana mitengo ikukwera ndi kutsika ngati timakandulo tofiira ndi tobiriwira, kenako n'kujambula mizere. Kaya kampaniyo imapanga sopo kaya misomali, analibe nazo ntchito. "Zonse zili m'tchati," ankatero. Mtengo ukagunda malo amodzi kangapo n'kubwerera m'mwamba, ankajambulapo mzere n'kuutcha pansi, pogulira. Kumwamba kunali mzere wina, denga, pogulitsira. Sheya yogula Lolemba sankafika nayo Lachisanu.

Lamulo lawo lalikulu, limene anaphunzitsa ngakhale wometa tsitsi wa pakona, linali lakuti mtengo ukaboola pansi, tuluka, usakambirane ndi mtima. Eniakewo ankalisunga lamuloli ngati mbale za alendo: mosamala kwambiri, osaligwiritsa ntchito.

Bambo awo atatulutsidwa m'chipatala, madokotala atanena kuti mapapo atha ndipo chatsala n'kuwasamalira kunyumba, anawagoneka m'chipinda chakumapeto. Mlongo wa a Mizere, telala, anasamutsira makina ake osokera pakhomo pa chipindacho kuti azimva bambo akatsokomola. Kuchipatala anabwerako ndi kachipangizo kopanira pachala, kosonyeza nambala ya mpweya m'magazi.

Nkhani inali pa Chitsiriza, mwana womaliza, amene ankagwira ntchito kumgodi wakutali. Kumeneko tchuthi cha matenda kapena maliro ankapereka kamodzi kokha, chachifupinso. Akabwera msanga, abwerera bambo akadali moyo ndipo sadzaloledwanso. Akachedwa, apeza bokosi. Bambo ankafunsa za iye m'mawa uliwonse asanafunse za tiyi.

"Inu muli pafupinu mundiuze nthawi yake," anatero Chitsiriza pafoni. "Ndikufuna ndidzawapeze akulankhula."

"Nthawi?" anatero a Mizere, akuwongola kolala. "Mng'ono wanga, kudziwa nthawi yolowera ndiye ntchito yanga."

Madzulo ake anamata mapepala pakhoma moyang'anizana ndi bedi. M'mawa ndi madzulo ankapana chala cha bambo n'kuika kadontho. Timadontho titachuluka, anatenga rula ndi pensulo yofiira n'kujambula mzere pansi pake.

"Taona, chemwali. Akafika apa amabwerera. Apa ndiye pansi. Tsiku limene adzaboole mzere uwu, timuimbira foni Chitsiriza. Popanda kukambirana."

Bambo anatsegula diso limodzi. "Kodi lero ndakwera kapena ndatsika?"

"Mwakhazikika, bambo."

"Ukaona ndikugwa undigulitse msanga. Mwina upezapo ya sopo."

Sabata yotsatira kadontho kanagwera kunsi kwa mzere. Telala anasiya diresi la mwini pamakina n'kutulutsa foni m'thumba la epuloni.

"Achimwene, aboola."

A Mizere anaima patsogolo pa khomalo manja ali kumbuyo, ngati munthu woyendera sukulu. "Kumeneku timati kuboola kwabodza. Msika umachita zimenezi pofuna kugwedeza amantha. Komanso chala chinali chozizira."

"Munati popanda kukambirana."

"Sitikukambirana, ndikukufotokozera. Mzere ndinaujambula pamwamba pang'ono, pansi penipeni ndi apa." Anatenga rula n'kujambula mzere wina kunsi kwa woyamba uja.

"Foni ndili nayo inenso, mukudziwa."

"Imba. Abwere, adye, acheze, tchuthi chithe. Ndiye mwezi wamawa zikadzavutadi, udzamuuze wekha kuti aonere pa chithunzi."

Telala anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali. Mlandu woitana msanga unali ndi mwini wake, koma wochedwa unkaoneka ngati ugawidwa pakati. Anaibwezera m'thumba n'kuponda makina.

Mzere wachiwiri sunakhalitse. Bambo anasiya kumaliza kapu ya tiyi, ndipo popita kuchimbudzi ankapumira pampando umene anawaikira pakati pa njira. A Mizere anajambula wachitatu, wa buluu chifukwa pensulo yofiira inathyoka. Anafotokoza kuti tsopano tchati chikupanga mapansi awiri, chizindikiro chodziwika bwino chakuti zinthu zitembenuka. Pabalaza, palaputopu, sheya ina imene analonjeza kuti aitaya Lachinayi inali itagona nawo mwezi wathunthu, nayonso ili ndi mizere yake yotsikira kunsi ngati makwerero.

Kenako m'mawa wina bambo anadzuka okha n'kukhala tsonga. Anaitanitsa madzi otentha ndi lezala, anameta ndevu, anadya buledi woviika mu tiyi mpaka kupempha wina. Anauza telala kuti makina ake akulira ngati akufuna mafuta, ndipo atawathira mafuta anasiyadi kulira. Kadontho ka tsikulo kanadumpha mizere yonse itatu.

"Aboola denga!" anafuula a Mizere, rula ili m'mwamba. "Ndinkanena ine. Anthu inu mumatsogoza mtima."

Telala anawakokera kukhitchini. "Achimwene, ine zimenezi zikundiopsa. Apongozi anga aja anachitanso chonchi. Anadzuka, anaseka, anapempha nyama. Tsiku linalo tinali kulira."

A Mizere ankazidziwa zimenezo, kungoti ankazidziwira ku masheya. Sheya imene ikupita kosabwerera imayamba yadumpha kamodzi, mokongola, kuti opusa alowe. Anali atamujambulira wometa tsitsi uja pagalasi ndi chala. Anatsegula mpopi, anasamba m'manja mopanda chifukwa, n'kutseka.

"Zija ndi zina," anatero. "Izi zili ndi mphamvu kumbuyo kwake. Waona buledi amene adya?"

Masana amenewo Chitsiriza anaimba ali pa nthawi yopuma. Foni anaipereka kwa bambo.

"Ababa, mawu anu amveka bwinotu lero! Ndibwere?"

Bambo anayang'ana a Mizere, amene ankapukusa mutu n'kumaloza khoma. Bambowo anali munthu amene moyo wake wonse sanapemphepo mwana kanthu.

"Gwira ntchito, iwe. Ine ndili gwa. Akulu ako akuti ndakwera mtengo."

Anaseka onse, kuno ndi uko. Foni itadulidwa, bambo anayang'ana chitseko.

"Ndiye simunamuitanebe," anatero.

"Tikudikira chitsimikizo, bambo. Tchati chiyenera kutsimikiza kaye."

"Chitsimikizo chake si ine ndagona panoyu?"

Telala anapita kukatsuka kapu.

Mawa lake dzuwa litapendeka, a Mizere analowa ndi pensulo kukaika kadontho. Bambo anali atagona chagada, ndevu zometedwa bwino. Anapana chala. Kachipangizo kanangosonyeza timizere tiwiri topanda nambala. Anapana chala china. Anasintha mabatire. Kenako anadzipana okha, ndipo nambala inabwera msanga, yabwino kwambiri.

Pakhomo makina anali atasiya kulira. Telala anaima ndi sizasi m'manja.

"Imbani tsopano," anatero. "Kapena mujambule wina?"

Chitsiriza anapatsidwa tchuthi chake mosavuta, poti maliro safuna kufotokoza zambiri. Anafika ndi chikwama chaching'ono ndi jekete yatsopano imene anagulira bambo kalekale, ikadali m'pulasitiki. Zonse zitatha, anthu atabalalika, analowa m'chipinda chakumapeto. Bedi linali litachotsedwa matiresi. Mapepala aja anali akadali pakhoma, chifukwa telala anakana kuwakhudza ndipo a Mizere sanaone chifukwa chowachotsera.

"Ichi n'chiyani, achimwene?"

"Mpweya wa bambo. Timadontho tiwiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo."

"Nanga mzere wofiirawu?"

"Pamenepo ndi pamene tinagwirizana kuti tikuimbire."

Chitsiriza anatsetsereka ndi chala kunsi. "Nanga uwu?"

"Pamenepanso."

"Wa buluuwu?"

A Mizere anali atabwerera m'mbuyo mpaka pachitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba ankachiona tchati chonse pamodzi, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Kutsika, kupuma, kutsikanso, kudumpha kumodzi kokongola, kenako pepala loyera. Chinali chooneka bwino ngati za m'buku lophunzitsira. Mwana wa sukulu akanachiwerenga ali panja pawindo.

"Ukachiyang'ana chitatha," anatero pang'onopang'ono, "sichibisa kanthu."

Chitsiriza anaika jekete ija pa zitsulo za bedi n'kutuluka kukafunsa za basi yobwerera. Tchuthi chinkatha Lolemba, tsiku lomwenso msika unkatsegula.