Mundithirireko Mchere

Pa esiteti yonse, munthu amene ankaweta nsomba zosadyedwa anali mmodzi yekha: a Chancellor Namakhwa, manijala wa fakitale ya tiyi. Nsombazo zinalipo zisanu ndi ziwiri, za m'nyanja ya mchere, zochita kutengedwa ku Nacala, ndipo zinkakhala m'thanki yagalasi pabalaza. Otchola tiyi ankati abwana ali ndi ana asanu ndi awiri osapita kusukulu. Ankaseka, koma chapansipansi, chifukwa onse ankadziwa za wantchito wam'nyumba amene anapopera mankhwala a udzudzu pafupi ndi thankiyo. Nsomba ziwiri zinafa m'mawa, iye madzulo ake anali atasenza katundu, abwana n'kuitanitsa zina ziwiri.

Amene analowa m'malo mwake ndi Tabita, mayi wamasiye wa kwa Mphuka. Ntchitoyo inabwera ndi kanyumba kuseri kwa nyumba ya abwana, ndipo kanyumbako ndiko kanali kwawo kwa iye ndi mwana wake. Kumudzi munda abale anali atagawana kale mpaka m'miyala momwe.

Abwana ponyamuka ulendo wa milungu iwiri wa ku Mombasa, anamuimika pakhonde lakuseri n'kumubwerezera zonse ngati mwana wa sitandade wani. Lachisanu lililonse athire zigubu ziwiri za madzi osefa mumgolo wabuluu. Apime mchere pasikelo, kilo imodzi ndi magalamu folo handiredi, wa m'ndowa yoyera ija. Mchere upite m'madzi, osati madzi pamchere. Ayatse kapampu kovundula ndi kachitsulo kofunditsa madzi, zigonere. Loweruka adontheze madziwo pa kachipangizo kosuzumira koyezera mchere, mzere ukaima pa 35, achotse madzi akale m'thanki n'kuthira atsopano.

"Ndipo mchere wakukhitchini ayi, a Tabita. Kwa izi umenewo ndi poizoni. Mwamva?"

Anamva. Zikanakhala za kumva kokha, nkhani bwenzi palibe.

Lachisanu linafika ndi chiperoni, minda ya tiyi yonse itabisala m'nkhungu, ndipo Tabita anadzuka ali kumwezi. Anathira madzi mumgolo bwinobwino, koma atatembenukira ku ndowa yoyera ija, manja anakana. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere. Ameneyo si malemba a m'Baibulo, ndipo kutchalitchi saphunzitsa, koma funsani mayi aliyense wa ku Thyolo kuno ngati sanaitanepo mwana kuti, tabwera undithirire mchere. Tabita ndiye anali ndi chifukwa choposa anzake. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo mwamuna wake, Limbikani, anayamba kutsokomola, mapazi n'kutupa. Kuchipatala anati ndi mtima. Alongo ake a malemuwo anati ndi mdulo, ndipo pamaliro pomwepo, anthu ali khamu, anamuloza chala: "Wamudula ndiwe." Chomupweteka n'chakuti ankakumbukiradi tsiku lina limene anathira yekha mchere m'nyemba ali kumwezi, mwana atachedwa kumjigo.

Kodi nsomba zimadulidwa? Sankadziwa, ndipo ankaopa kudziwira pa nsomba za abwana.

Analowa kukhitchini kumene a Stewart, khukhi wokalamba wa panyumbapo, ankasenda mbatatesi. Anagwada pang'ono, maso pansi.

"Bambo, pepani. Mundithirireko mchere mumgolo muja. Wani kilo folo handiredi."

A Stewart sanafunse kanthu. Munthu wamkulu akamva mawu amenewo safunsa, amangoyang'ana kumbali. "Chabwino, mayi, pitani muzikachapa." Tabita, manyazi atamugwira, anathawira kumpopi osacheuka. Atabwerako anapeza kapampu kakulira mumgolo, ndipo mtima unakhala pansi.

Loweruka m'mawa a Stewart anakwera minibasi ya ku Thekerani kukaona mdzukulu wodwala. Tabita anasuzumira m'kachipangizo kaja, mzere unali pa 35 ndendende. Anazimitsa pampu ya m'thanki, n'kukoka madzi akale ndi payipi, ndowa zinayi, kukataya kungalande poti madzi amchere amawotcha maluwa. Thanki inatsika mpaka miyala yapamwamba inaonekera. Nsomba zinaunjikana pakona, kumuyang'ana.

Popita kukatunga madzi atsopano, phazi lake linagunda ndowa yoyera ija. Inali yolemera, osasuntha n'komwe. Anawerama. Chivindikiro chinali chomata monga chinachokera kusitolo, tepi yake yosadulidwa.

Anathamangira kukhitchini, n'kutsegula bini. Pamwamba penipeni panali mapaketi atatu a mchere wandiwo, opanda kanthu, opindidwa mwaudongo.

Foni inaitana kanayi a Stewart asanayankhe.

"Bambo, mchere uja munatenga uti?"

"Aa, mchere basi. Wa m'kabati. Ndapima bwinobwino pasikelo, sindinaphonye olo galamu."

"Nanga wa m'ndowa yoyera?"

"Ija si penti ija? Inu munati ndikuthirireni mchere, mayi. Ine zaka fote ndili kukhitchini, mzimayi akanena choncho ndimadziwa mchere wake."

Sananame a Stewart, ndipo Tabita analibe powakalipira. Anafunsa ngati angabwerere. A Stewart anati minibasi yadutsa kale pa Makwasa, ndipo msewu ndi matope okhaokha, abwera Lolemba.

Anaima pakati pa balaza, foni ili m'manja. Madzi akale anali atapita ndi ngalande. A mumgolo anali poizoni. Pampu siingayatsidwe madzi ali otsika chotero, ndipo abwana ananena kuti pampu ikakhala chete nthawi yaitali nsomba zimabanika. Anatuluka kukafuna wa m'dimba, anapeza kashedi kotseka. Mlonda wapageti anali atapita kukalandira chimanga ku ofesi. Mwana wake anali ku sukulu yogonera komweko ku Bvumbwe. Anakuwa kuti, "Kuli anthu uko?" Nkhungu inangomeza mawuwo.

Atabwerera, nsomba yachikasu, imene abwana ankaikonda kuposa zonse, inali itakwera pamwamba, ikutsegula kukamwa pafupipafupi.

Mantha anali awiri, ndipo onse ankamukoka. Akasiya, zifa. Akathira ndi dzanja lake, mwina zifa ndithu, ndipo pamenepo sadzakhala atangotaya ntchito ndi kanyumba. Adzakhala atadziwa kuti alamu ake aja ankanena zoona.

Anapendeketsa mgolo, madzi onse khuthu. Anautsuka kawiri. Zigubu za madzi osefa zinali zitatsala ziwiri zokha, zolakwitsa sizikanathekanso. Anadula tepi ija ndi mpeni. Mcherewo unali wosalala ngati ufa woyera, ndipo fungo lake linali lachilendo. Anaupima pasikelo. Anayesa kupemphera, koma mawu amene anatuluka anali amodzi okha, "Pepani, pepani," osadziwa kuti akupepesa kwa Mulungu, kwa nsomba kapena kwa Limbikani. Anathira pang'onopang'ono, madzi n'kuchita mbuu.

Zogoneka madzi usiku wonse panalibe. Anawapatsa maola awiri. M'maola amenewo ankangoyendayenda, kumgolo kukasuzumira mzere, kuthanki kukatunga madzi ndi kapu n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Mkono unachita dzanzi, iye osaleka. Mzere unayamba waima pa 36. Anawonjezera timadzi totsalira pansi pa chigubu, unatsika. Anapisa chigongono mumgolo ndi m'thanki monga amachitira ndi madzi osambitsa khanda, kufunda kunali kumodzi.

Anathira ndowa yoyamba ali chitsinzinire. Yachinayi itatha anayatsa pampu, ndipo inakhosomola kaye isanayambe kulira bwino. Anakhala pansi pa simenti yozizira n'kuyamba kuwerenga. Zisanu ndi ziwiri. Anawerenganso.

Masiku otsatirawo sanadye zolongosoka. Ankadziwa kuti mdulo supha tsiku lomwelo, umayamba mwakachetechete. M'mawa uliwonse ankafika mtima uli m'mwamba, n'kuunika nsomba imodziimodzi ngati yatupa pamimba, ngati yawonda, ngati ikukana chakudya. Yachikasu ikabisala kuseri kwa mwala, iye ankadikira pagalasi mpaka ituluke. A Stewart atabwera anapepesa, anagula mchere wandiwo wina, ndipo anagwirizana kuti nkhaniyi ithere pompo. Lachisanu linalo, zigubu zitadzazidwanso, anathiranso yekha, poti tsopano anali atayera, koma sizinamutonthoze. Madzi oyamba aja anali akadali momwemo.

Abwana anafika Lamlungu masana. Sanavule ngakhale jekete. Analunjika kuthanki, n'kuwerama, mphuno pagalasi, kwa nthawi yaitali, Tabita ataima pachitseko. Anadontheza madzi pa kachipangizo kaja, n'kusuzumira.

"Munathira nokha mcherewu?"

Bodza linali pafupi, koma ananena zoona. "Ndekha, bwana. Maulendo onse awiri."

"Zanenepatu izi," anatero abwana akuseka. "Ine ndimwene sizindidyera chonchi. Dzanja lanu ndi labwino, a Tabita."

Abwana anadabwa kuona mayi uja akutsetsereka pachitseko mpaka pansi, chitenje kumaso, akulira mokweza ngati uthenga wa maliro wangofika kumene. Anafunsa a Stewart kuti chalakwika n'chiyani. Mkuluyo anayang'ana kumbali.

"Asiyeni alire, bwana. Pamaliro a amuna awo sanapatsidwe mpata."