Apongozi Okana Kufa

Kamshat anaimirira pamwamba pa lole atagwira pepala la malamulo, mphepo ya m'chigwa cha Sarybulak ikulimbana naye kuti imulande. Pansi pake panali amuna makumi asanu ndi limodzi pa akavalo, atavala zisoti zachitsulo zosula okha m'magalaja mwawo. Palibe amene ankamumvera. Wina ankamangitsa chishalo, wina ankalankhula pa foni atakankhira chisoti kunkhongo, ndipo awiri ankakangana za nkhosa imene inasowa chaka chatha.

Chaka chilichonse udzu ukakula, mudziwo unkasewera nkhondo imene akulu amati makolo awo, a mtundu wa Akazaki, anamenyana ndi adani awo Ajungari m'chigwa chomwecho. Kamshat, mphunzitsi wa mbiri yakale pasukulu ya pamudzipo, ndiye anali woimbira, ndipo malamulo onse khumi analemba yekha. Anawawerenganso pa chimkuzamawu ngakhale ankadziwa kuti akuthira madzi pamsana pa bakha.

Mkondo usakhale ndi chitsulo, kunsonga kwake kumangidwe chiguduli cha ubweya chopaka choko chofiira. Choko chikakudinda pamkono, mkonowo uubise kumbuyo. Chikakudinda pachifuwa, wafa. Utsike, ukokere kavalo wako kunja kwa chingwe cha malire a bwalo, ukagone pachitunda cha akufa chishango chili kumaso mpaka ng'oma italira. Wokana kufa, woimbira amutchule dzina katatu anthu onse akumva. Lamulo lomaliza linali lakuti woyenda pansi aliyense wolowa m'bwalo nkhondo ili mkati, kaya ndi ndani, akhale zaka ziwiri osakhudza za masewerawo.

Powerenga lamulo la wokana kufa, Kamshat sanayang'ane kumanzere. Kumeneko kunali kavalo wotuwa, ndipo pa kavaloyo panali a Tursynbek, apongozi ake, a zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, atawongoka ngati mtengo wa magetsi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinali zitapita chikwatiwire Kamshat pabanjapo, ndipo dzina limenelo linali lisanatulukepo pakamwa pake. Mkazi wokwatiwa satchula dzina la bambo a mwamuna wake. Ankawaitana kuti Ata, monga amaitanira apongozi onse. Kuchipatala akafunsidwa dzina la wodwala, ankangoonetsa khadi. Ngakhale pamndandanda wa asilikali umene unali m'manja mwake, pa nambala yoyamba analembapo kuti Ata.

Chaka chatha dzinalo linamuika m'mavuto. A Tursynbek anadindidwa pachifuwa katatu, nkumangopitiriza kumenya ngati choko ndi fumbi. Kamshat anafuula pa chimkuzamawu kuti Ata atsike, ndipo nkhalamba zinayi zosalakwa zinatsika pa akavalo, mwini mlandu osatembenuka nkomwe. Dokotala wa ziweto, amene anali atawapha ndipo anawafulatira poganiza kuti afadi, anagundidwa kumbuyo nathyoka fupa la paphewa. Nchifukwa chake chaka chino palole panalinso a Seitkali a ku boma, atakhala pampando ndi kalata m'thumba la jekete. Anali atanena poyera kuti wina akakananso kufa woimbira nkumulekerera, asaina kalatayo, ndipo chaka chamawa nkhondo idzamenyedwa popanda akavalo. Amuna a pamudzipo anati kuli bwino kuileka kusiyana ndi kuthamangitsana wapansi ngati ana a sukulu.

M'mawa wa tsikulo Kamshat anali atayesa zonse. Powathirira tiyi wa mkaka, anawakumbutsa apongoziwo mwaulemu za choko. Iwo anaphwanyira kandasi m'mbale yawo yomwera tiyi, nafotokoza zimene ankafotokoza chaka chilichonse: kuti iwo pabwalo si iwo ayi, ndi Esenkul, kholo lawo lachisanu ndi chiwiri, amene anamenya nkhondo imeneyi natuluka wamoyo, nkudzafera pamphasa ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi.

"Esenkul akanafera m'chigwa muja, ine ndikanabadwa bwanji? Nanga mwamuna wakoyo ukanamutola kuti?" anafunsa. "Iwe umaphunzitsa mbiri, mwana wanga. Usandiphunzitse bodza."

Kamshat anayankha kuti amuna onse makumi asanu ndi limodziwo ali ndi makolo amene anatuluka amoyo, ndipo aliyense akatsata nzeru imeneyo nkhondo idzatha akavalo akadzafa ndi njala. A Tursynbek anati makolo a enawo sakuwadziwa, mwina ankabisala m'mabango. Anapereka mbale kuti awathirirenso tiyi.

Kukhola anakapeza mwamuna wake Dauren akumanga ubweya wakuda pachisoti. Maere anali atamugwera kukhala Mjungari chaka chachitatu chotsatizana, ndipo anali atasiya kudandaula. Kamshat anamupempha kuti alankhule ndi bambo ake monga mwana wawo woyamba. Dauren anati iye adzangoonetsetsa kuti pasapezeke munthu wowayandikira, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Ndiye mkhatewo ndine?" anafunsa Kamshat.

"Iwe ndiwe woimbira. Ine ndine mdani chabe," anatero Dauren, nakwera kavalo msangamsanga.

Dzuwa litafika paliwombo ng'oma inalira. Magulu awiri anathamangirana, ndipo nthaka inanjenjemera mpaka mabawuti a lole. Poyamba zonse zinayenda bwino moti Kamshat anayamba kupuma. Woyendetsa basi ya sukulu anadindidwa, natsika akutukwana, nkukagona pachitunda. Dokotala wa ziweto anafa msanga mwadala, phewa lake likukumbukirabe za chaka chatha. Anthu oonerera kuseri kwa chingwe ankaseka ndi kuwerenga akufa, amayi achikulire a mipango yoyera atakhala kutsogolo pa makapeti.

Kumanzere kunali zachilendo. Kulikonse kumene kavalo wotuwa ankalowera, Ajungari ankapatuka ngati nkhuku zaona kabawi. Dauren anali atawauza. A Tursynbek anazungulira bwalo kawiri osapeza womenyana naye, ndipo atazindikira chimene chinkachitika, nkhope yawo inafiira kuposa choko. Anasankha chisoti cha mwana wawo, cha ubweya wakuda chija, nachilondola.

Dauren anathawa. Anathawira kumtsinje, bambo ake ali pambuyo. Anabwerera cha kulole, bambo ake ali pambuyo, akumufunsa mokweza ngati anamulera kuti azionetsa adani msana. Anthu anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Pafupi ndi chingwe kavalo wa Dauren anasowa kolowera, natembenuka mwadzidzidzi, mkondo uli chiloze kutsogolo. A Tursynbek anaugunda okha ndi chifuwa. Ufa wofiira unafuka, ndipo pa malaya awo oyera panatsala chidindo chachikulu ngati mbale ya tiyi, choonekera ngakhale kwa amene anali kumapeto kwa chigwa.

Dauren anayang'ana mkondo wake, nayang'ana kulole ndi maso a mwana woswa chikho. A Tursynbek anapukusa mutu, anakoka chingwe cha kavalo, nalunjika pakati pa nkhondo.

Kumbuyo kwa Kamshat mpando unalira. A Seitkali anali atatulutsa kalata ndi cholembera, nayala pepalalo pabondo.

Kamshat anakweza chimkuzamawu. Dzinalo linali pakamwa, lalifupi, losavuta kutchula, dzina limene ana a sukulu ankalitchula tsiku ndi tsiku. Anadzikumbutsa kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo kuti lamulolo analilemba ndi dzanja lake lomwe. Koma maso ake anagwera pa makapeti. Apongozi ake aakazi anali atasiya kuluka, akumuyang'ana, ndipo amayi onse a mipango yoyera ankadikira. Anadziwa kuti akalitchula katatu pamaso pa chigwa chonse, nkhalambayo itsika ndithu, koma mawa m'mawa sidzalandira tiyi kuchokera m'manja mwake, ndipo mwina sidzalandiranso mpaka kalekale. Lilime lake linakana ngati kavalo pamlatho wa matabwa.

Mkwiyo unamukwera. Anakwiyira nkhalamba yosamva, mwamuna wosatha ngakhale kuthawa bwino, ndi Esenkul amene anakana kufa pa nthawi yake nkusiyira ena mavuto. Koposa onse anakwiyira mphunzitsi wa mbiri amene analemba lamulo lotchula mayina akudziwa bwino lomwe nyumba imene anakwatiwako.

Anaika chimkuzamawu pansi, anatsika palole, nawerama kudutsa pansi pa chingwe.

Phokoso la oonerera linazima. Kamshat anayenda molunjika pakati pa fumbi, siketi ikukokera udzu, akavalo akumudutsa uku ndi uku, okwerapo akukoka zingwe ndi kutukwana. Mmodzi anamupitirira pafupi kwambiri moti thovu la pakamwa pa kavalo linamugwera patsaya. Sanapatuke. Atafika pa kavalo wotuwa anagwira chingwe cha pakamwa ndi dzanja limodzi. Kenako anaika dzanja lina pabondo nawerama, monga ankachitira m'mawa uliwonse apongoziwo akamalowa m'chipinda chodyera.

Mkulu amene waweramiridwa chotero sakhala chete. Mawu anatuluka okha pakamwa pa a Tursynbek, mkondo udakali m'mwamba.

"Ukhale ndi moyo wautali, mwana wanga."

"Zikomo, Ata. Inu mwafa."

Anasiya chingwe nagwira chopondera cha chishalo ndi manja awiri, monga amachitira potsitsa mlendo wolemekezeka pakhomo, mutu udakali pansi. A Tursynbek anayamba za Esenkul, koma sanamalize. Anayang'ana akavalo amene ankapondaponda mozungulira mutu woweramawo. Anamuuza kuti adzuke, achoke pamenepo asanapondedwe. Kamshat sanasunthe.

"Lamulo lako lomaliza ukulidziwa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinalemba ndine."

"Zaka ziwiri."

"Eya, Ata."

Nkhalambayo inapuma mozama kudzera m'mphuno. Inapereka mkondo kwa Dauren, amene anali atafika ali wotumbuluka, nimuuza kuti akaphunzire kuthawa. Kenako inatsika pang'onopang'ono, dzanja lili paphewa la Kamshat, nikoka kavalo wake kupita kuchitunda anthu onse akuona. Panalibe woomba m'manja. Amayi a mipango yoyera anangoyambiranso kuluka.

Kamshat anabwerera palole. Anatola chimkuzamawu, nalengeza kuti Kamshat mwana wa Orazbai waswa lamulo lakhumi, ndipo akhala kunja zaka ziwiri. Dzina limeneli linatuluka mosavuta. Anatembenukira kwa a Seitkali nawapatsa chimkuzamawu, wezulo ndi pepala la malamulo, chifukwa palole panalibenso wina, ndipo m'bwalo munali mudakali amuna makumi atatu amoyo ofuna wowayang'anira. A Seitkali anati iwo sanabwerere zimenezo, ndipo za akavalo sazidziwa. Kamshat anawauza kuti ofiira pachifuwa ndi akufa, enawo awasiye. Mkulu wa ku bomayo anayang'ana manja ake, naona kuti zonsezo pamodzi ndi kalata sizikwanamo. Anapinda kalatayo naibwezera m'thumba, naimirira.

Pachitunda akufa anali atagona m'mizere, zishango kumaso, ena akutafuna njere za mpendadzuwa pansi pa zishangozo. A Tursynbek anagona payekha kumapeto, manja atawapinda pa chidindo chofiira chija. Kamshat anakhala pansi pafupi nawo. Dzuwa linali loswa mtengo, ndipo mpango wake unali utatsala m'bwalo, utapondedwa ndi akavalo. Kumunsi, m'bwalo, mawu a Seitkali ankamveka akukalipira munthu wina wokana kubisa mkono.

"Esenkul anangovulala," anatero mawu ochokera pansi pa chishango. "Anakomoka, adani nkumuyesa wakufa. Agogo anga ankanena zimenezo, ndinangoiwala."

"Akufa salankhula, Ata."

Kenako chishango chinasuntha. A Tursynbek anachichotsa kumaso, anatsinzina ndi kuwala, nayang'ana mutu wa mpongozi wawo wopanda mpango. Anazika m'mphepete mwa chishangocho m'nthaka, nachitsamiritsa pachisoti chawo mbali imene kunali dzuwa.

"Lamulo likuti chishango chikhale kumaso mpaka ng'oma italira," anatero Kamshat motopa.

"Ukauze woimbira," inatero nkhalambayo, nitsekanso maso.

Mthunzi wake unali waung'ono, wongokwana mitu iwiri. Kamshat anasendera pang'ono, ndipo onse awiri anadikira ng'oma.