Tulo ta Achemwali

"Musandibaye ngati mukusoka thumba, anesi," anatero mayi wina, telala, atagona chagada pabedi la m'chipatala. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikubaya nsalu, lero singano zikundibwezera."

Namwino anaseka, n'kumubaya kasingano kowonda ngati tsitsi pakhutu. Tina anamubaya m'manja ndi m'mapazi. Mng'ono wake wa telalayo anali pampando pakona, atakumbatira chikwama cha mkulu wake.

Chiyambireni kulandira mankhwala a khansa ya m'mawere, telalayo tulo tinamuthawa. Anayesa mapiritsi ogonetsa, koma ankamuchititsa chizungulire mpaka tsiku lina anagwa m'bafa, dokotala n'kumuletsa. Dokotala yemweyo ndiye anamuuza za chithandizo cha singano.

"Ena zimawathandiza, ena ayi. Sindikulonjezani kanthu."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anayankha telala. "Ndilembeni."

Ulendo woyamba ndi wachiwiri sizinaphule kanthu. Uwu unali wachitatu.

Namwino anakoka katani n'kutuluka. Telala anayamba kudandaula za diresi la ukwati la kasitomala wina limene analisiya lopanda manja, koma mawu anamuthera m'kamwa. Mutu unapendekeka. Posakhalitsa kunamveka kamkonono.

Mng'ono wake anathimitsa foni. Ngakhale kutsokomola anakumeza. Panali patatha milungu itatu asanaone mkulu wake atatseka maso chonchi, ndipo misozi inangotsika yokha, iye osayerekeza kufwenthera.

Patatha theka la ola namwino anabwera n'kuzula tisingano tonse mosamala. Telala sanagwedezeke.

"Chonde anesi, asiyeni," ananong'ona mng'onoyo. "Ngakhale ola limodzi lokha."

"Bedi ndi lomweli, mayi. Komanso ine kuno ndimabwera Lachiwiri lokha."

"Kunyumba sakagona. Ndikuwadziwa."

Namwino anangotsegula chitseko pang'ono. Pabenchi panali anthu asanu, onse maso ali psuu. Patsogolo panali bambo wachikulire panjinga ya odwala, mkazi wake akumupukuta kumaso ndi kansalu. Mayiyo ataona mng'ono wa telala akutuluka anadzuka.

"Pepani mwanawe, zathandiza? Agona?"

Mng'onoyo anagwedeza mutu kuvomera.

Mayiyo anawerama pakhutu la mwamuna wake. "Mwamva, bambo? Anzanu agona m'katimo. Tsopano ndi inu."

Bamboyo anagwira mikombero ya njinga ija kuti adzikankhe, koma manja analibe mphamvu.

Mng'ono wa telala anabwerera m'kati, nkhope ili pansi.

"Ndiwadzutse ine?" anafunsa namwino.

"Ayi. Ndiwadzutsa ndekha."

Anagwada kumiyendo kwa bedi n'kutola nsapato za mkulu wake. Anamuveka yoyamba pang'onopang'ono, n'kumanga chingwe. Yachiwiri anaimanga, n'kumasula, n'kumanganso. Namwino anayang'ana wotchi, kenako anayang'ana kukhoma. Zochita zina zitatha, mng'onoyo anaika dzanja paphewa la mkulu wake.

"Achemwali. Achemwali, tiyeni."

Telala anatsegula maso movutikira, n'kumwetulira ngati mwana.

"Kwacha?"

"Ayi, ndi masana ano," anatero mng'ono wake, akumuchirikiza kumsana. "Dzukani. Panja pali anzanu akudikira."