Lipoti la a Jailosi pa Mbawa za ku Manje

Munthu wophunzira akalakwitsa amakhala ndi chida chimene wosaphunzira alibe: amadziwa kulemba. Chenjerani nacho chida chimenechi, pakuti chimatha kuchotsa mlandu pamutu pa mwini wake n'kukautula pamutu pa wosalakwa popanda aliyense kukweza mawu.

A Jailosi Nampuntha anali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Soche, ndiponso woyang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulupo. Namondwe wa Freddy atagumula phiri n'kukokolola nyumba ku Manje, iwo anasankhidwa kukachita maphunziro a masabata atatu pa munda wina wosungira ndi kufufuza zomera, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Mozambique, dziko limene agogo awo anachokera. Anabwerako ndi setifiketi komanso udindo. Akatswiri a kumundako ankafuna kudziwa ngati mbawa ingagwire nthaka pamalo otsetsereka amene madzi anang'amba. Ntchito ya a Jailosi inali kudzala mbande mazana awiri ku Manje pamodzi ndi ophunzira awo, kuziyeza msinkhu mwezi ndi mwezi, ndi kutumiza lipoti.

Mbandezo zinachokera kwa mayi Mwanamisi, amene anali ndi nazale ku Ndirande, komwe ankaphunzitsanso amayi asanu ndi atatu kufesa mitengo. Mbande iliyonse inali m'chubu chakuda cha pulasitiki. Popereka, mayiwo ananena kawiri konse: "Aphunzitsi, chubu chilichonse muching'ambe ndi lezala musanakwirire. Mbawa siifuna kuvala."

Tsiku lodzala, mayi Mwanamisi anali kumaliro ku Machinjiri. Tonse tikudziwa mwambo wathu pa masiku otere: palibe amene amaika mbande m'dzenje mlendo wolemekezeka asanaike yake. Mlendoyo anayenera kufika 9 koloko, koma anafika dzuwa litapendeka. Kenaka panali zolankhula, ndakatulo, ndi zithunzi. Pomwe mtengo woyamba unkadzalidwa, mitambo inali itada kumbali ya Chilobwe, ophunzira ali ndi njala, ndipo malezala anali atatu okha.

"Ikani mmene zililimo, kwirirani," anatero a Jailosi. "Tidzang'amba Loweruka."

Loweruka kunali ukwati wa mphwawo. Loweruka linalo anali kuchonga mayeso. Pofika Loweruka lachitatu, udzu unali utamera pamaenje, ndipo mtima wawo unawauza kuti mwina mizu idzadziboolera yokha. Mtima wa munthu wotopa umanena zokoma, koma si mlangizi woyenera kumumvera.

Mvula itatha, masamba anayamba kuchita chikasu. Dzuwa la Okutobala linamaliza ntchito. Fomu ya lipoti inali ndi mzere wofunsa chifukwa chimene mitengo yafera, ndipo a Jailosi, atayang'ana mzerewo nthawi yaitali, analemba ndi dzanja lawo lokongola: "Mbande zinafika zofooka kale kuchokera ku nazale."

Patapita masabata asanu, kumunda kuja kunachokera wofufuza, mayi Magdalena, amene anawaphunzitsa a Jailosi kuyeza mitengo. Ankalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chisena, ndipo ankawatchula "pulofesoro," monga amatchulira mphunzitsi kwawoko. Anaitanitsanso mayi Mwanamisi. Atatuwo anakumana pomwe minibasi imathera, nayamba kukwera wapansi.

"Aphunzitsi, taye ndi nsapato zonyezimira paphiri?" anatero mayi Mwanamisi, kakhasu kali paphewa. "Mwabwera kudzayeza mitengo kapena kudzafunsira mbeta?"

Anaseka okha, ndipo kusekako kunathera panjira.

Atafika pamalowo, anapeza timitengo touma tili ndandanda, kalikonse ndi nambala yake. Mayi Magdalena anayenda mzere ndi mzere akuwerenga.

"Zamoyo makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, pa mazana awiri," anatero. "Amayi, ndisakubisireni. Ku ofesi anawerenga lipoti la pulofesoro, ndipo agwirizana kuti nazale yanu ichoke pa mndandanda wa pulogalamu. Mbande za chaka chino tikatenga kwina. Ine ndabwera kudzatapa dothi pang'ono la pamwamba kuti tikaliyeze, ndi kuti nonse awiri musaine. Basi."

Dothi la pamwamba lokha. A Jailosi anamva mapewa awo akupepuka, ndipo nthawi yomweyo anachita manyazi ndi kupepukako. Palibe amene akanakumba. Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya.

"Ine sinditsutsa, madamu," anatero mayi Mwanamisi. "Aphunzitsi ndi ophunzira, anafika mpaka kunyanja ya mchere. Ine ndinalekezera sitandade faifi. Koma zandizunguza mutu. Njere ndinatola ndekha. Dothi ndinasefa ndekha, manyowa ndi omwe aja. Zaka makumi awiri ndikufesa mbawa, sindinaonepo zotere."

"Zimachitika, amayi," anatero mayi Magdalena.

"Zimachitika, koma ku Ndirande nkhani siyenda wapansi, imakwera kabaza. Amayi atatu mwa amene ndimawaphunzitsa anasiya kubwera ku nazale. Akuti dzanja la Mwanamisi linatha. Wina anachita kundifunsa pamsika kuti, 'Kodi mumawagulitsa azungu mitengo yodwala?'" Anatembenukira kwa a Jailosi, napinda bondo pang'ono, manja ali pamodzi. "Pepani, aphunzitsi. Ndakuchititsani manyazi pamaso pa alendo anu."

Pali zinthu zimene munthu angapirire. Kutukwanidwa angapirire, ngakhale kuopsezedwa. Koma kupepesedwa ndi munthu amene wamulakwira ndi katundu wina. A Jailosi anayang'ana kumunsi, kumene miyala ikuluikulu inali ikadali pamalo pomwe panali nyumba za anthu. Kenaka anabweza cholembera m'thumba.

"Mayi, tandibwerekani khasulo."

"Mukumbanso chiyani, pulofesoro? Ndati la pamwamba."

A Jailosi anatenga khasulo. Anagwada pa kamtengo kouma, thalauza la kuntchito lili m'fumbi, nakumba mozungulira. Khasu linakhudza chinthu chofewa. Anakoka, ndipo chinatuluka chubu chathunthu, chosang'ambika ngakhale pang'ono. Atachiboola ndi chala, mizu inaoneka itazungulirazungulira m'katimo ngati nkhata. Anakumba kachiwiri, nakumbanso kachitatu. Zonse zinali chimodzimodzi.

"Zingati zili chonchi?" anafunsa mayi Magdalena.

"Zonse. Mazana awiri." Mawu awo anali otsika, osati aja a m'kalasi. "Ndinalamula ndine. Mlendo anachedwa, mvula inkabwera, ndinati tidzang'amba Loweruka. Sindinabwererenso kudzang'amba. Mbande zinali zabwino, zobiriwira, ndinaziona ndi maso anga. Zimene ndinalemba mu lipoti ndi bodza."

Mayi Magdalena anatseka kope lawo pang'onopang'ono.

"Pulofesoro, mtengo ukafa, limenelo ndi yankho, timalemba. Chubu chikaiwalika, timalembanso, ena aphunzirepo. Koma inu munatipatsa yankho la funso limene sitinayese n'komwe. Chaka chathunthu chapita, mvula ili pafupi, phiri likadali lambulanda. Lipoti mulembanso lero, ndipo ndikalionetsa kwa ahedi anu. Za kalabu akaona okha."

"Ndamva."

Mayi Mwanamisi anali atatola chubu chimodzi, akuchitembenuza m'manja. Sanakalipe. Anafunsa mofatsa, monga munthu wofunsa njira.

"Aphunzitsi, ndinanena kangati?"

"Kawiri, mayi."

"Ndipo pomwe ndimapinda bondo apa, cholembera chinali m'manja."

"Chinali m'manja."

"Ndiye pepani wanga uja mundibwezere. Sanali wanu."

"Pepani, mayi. Ndalakwa kwambiri."

"Apa ayi. Apa pali miyala ndi mlendo, ndipo mlendo akupita kwawo. Dzina langa silinaonongekere paphiri pano, linaonongekera ku Ndirande. Mawa m'mawa mubwere ku nazale. Ndiwaitana amayi onse asanu ndi atatu, kuphatikizapo atatu othawa aja. Mukanene ndi pakamwa zimene mwanena pano." Anawapatsa chubu chija. "Ichi musachisiye. Ndipo taye muvale ndithu, adziwe kuti ndinu omwe aja."

Anayamba kutsika phiri. A Jailosi anatsalira m'mbuyo, mawondo ali mbuu ndi fumbi, chubu chili m'manja, ndipo anthu a ku Manje amene anawadziwa ankawapatsa moni waulemu umene iwo analephera kuuyankha bwino.

M'mawa mwake anatsika minibasi ku Ndirande, nadutsa pamsika, nalowa kanjira kopita ku nazale. Amayi anali atafika kale, atakhala pa mabenchi pakati pa mizere ya mbande, ena akunong'onezana. Mmodzi anadzuka kuti awapatse mpando, monga timachitira ndi aphunzitsi.

"Asiyeni aime," anatero mayi Mwanamisi. "Ali ndi mawu."

A Jailosi anaika chubu chija pansi, pamaso pa onse, nayamba kufotokoza kuyambira tsiku lodzala.