Malovu pa Galasi

Ku Walsall palibe amene ankadziwa kuti Rapson ndi munthu wa m'madzi. Anzake a kuntchito ankangomuona ngati mkulu wofatsa wonyamula makatoni, amene ukamufunsa kanthu amayamba waseka kenako n'kuyankha zina. A kumpingo ankamudziwa ngati mwamuna wa anesi, a Felista. Koma kwawo ku Senga Bay, bambo ameneyu anathera unyamata wake wonse pansi pa nyanja, paipi ya mpweya ili kukamwa, akugwira mbuna ndi tinsomba tina tamawangamawanga tomwe bwana wake ankatumiza kunja kuti azungu azikaweta. Khutu lake lamanzere linafera komweko, n'chifukwa chake ankayankha zina.

Felista ndiye anatsogola kubwera ku Mangalande pamodzi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Angel, ali kamwana komakwera pamsana pa atate ake. Rapson anatsalira zaka zingapo kudikira mapepala. Tsiku limene anatera pabwalo la ndege ku Birmingham, anatambasula manja kuti mwana amugwere m'chifuwa, koma mwanayo anangopereka dzanja n'kunena kuti, "Hi." Kuyambira pamenepo Rapson ankakhala m'nyumba mwake ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Angel anakula, n'kukhala namwali ndithu. Akafuna kanthu ankafunsa mayi ake, akadwala mayi ake, akakhoza mayeso mayi ake. Chichewa ankamva, koma kuyankha ankayankha m'Chizungu chothamanga cha kusukulu, ndipo khutu limodzi la Rapson linkangotolapo zochepa. Zinkamuwawa kwambiri, ndipo chomwe ankalakalaka chinali chimodzi: kuti tsiku lina mwana wake adzalandire kanthu kochokera kwa iye, n'kukakonda.

Chaka cha 2006, makolo a Gemma, mnzake wa Angel wa kusukulu, anapempha kuti amutenge mtsikanayo patchuthi. Unali ulendo wa pasitima ya pamadzi, yoyendera zilumba za ku Caribbean. Felista anadandaula sabata yathunthu, kenako anavomera n'kuyamba kugwira maovataimu. Angel ankangoti "snorkelling, snorkelling" nyumba yonse.

"Kodi chinthu akutchulatchulachi n'chiyani, mayi a Angel?" anafunsa Rapson.

"Ndi zija munkapanga inu, bambo a Angel. Kuvala galasi kumaso, kapaipi kukamwa, n'kumaona nsomba. Kungoti kuno amachita kulipira."

Rapson anaseka mpaka misozi. Zoona anthu n'kulipira kuti akawereme m'madzi! Koma kuseka kutatha, anazindikira kanthu. Pa zinthu zonse za m'dziko lozizirali, mwana wake wasankha chinthu chokhacho chimene iye ankachidziwa.

Patsiku lake lopuma anakwera basi kupita ku Birmingham, n'kulowa m'sitolo ya zamasewera. Magalasi onse amene anali pamenepo anawayesa. Ankaika lililonse kumaso osamanga lamba, n'kukoka mpweya ndi mphuno kuti aone ngati likumata, wogulitsa akungomuyang'ana cham'mbali. Anasankha laling'ono la mphira wofewa, poti nkhope ya Angel ndi yopyapyala ngati ya mayi ake, n'kuwonjezapo kapaipi kake. Kunyumba anakabisa pamwamba pa wodiropu, osauza aliyense.

Mayi a Gemma, a Ann, anaitana makolo a Angel kuti Loweruka masana akamwe tiyi n'kukambirana za ulendo. Felista anali pantchito tsikulo.

"Mupite ndinu," anatero akusita yunifolomu. "Ine ndili pa long day, manager wakana ku-swapa shift. Mukangofika muvule nsapato, ali ndi carpet yoyera. Ndipo musakalankhule zambiri, mukangoti yes, thank you, basi."

Angel anali pamasitepe. "Does he have to come?" anafunsa chapansipansi, kufuna kudziwa ngati n'kofunikadi kuti atate ake apite. Mwatsoka, khutu labwino ndi limene linali mbali imeneyo. Rapson anamva, koma anangotenga jumbo yake n'kuvala jekete la kutchalitchi.

Kapeti inalidi yoyera, moti Rapson anachita manyazi ndi masokosi ake. A Ann anali munthu wansangala, ndipo amuna awo, a Steve, anamugwira dzanja mwamphamvu n'kumutchula kuti "mate". Patebulo panali kabuku ka zithunzi kochokera kwa eni sitima. Nkhani inali pa chilumba china chomwe sitimayo idzaimepo tsiku limodzi lokha, ndipo panali magombe awiri oti asankhepo. Lina linali la mchenga woyera, pafupi ndi doko, lili ndi mipando, maambulera ndi kanyumba kobwereketsa magalasi. Lina linali lakutali, la miyala yokhayokha, lofuna takisi.

Rapson anaiwala malangizo a mkazi wake. Analoza la miyala.

"Ili," anatero m'Chizungu chake chothyokathyoka. Anafuna kunena kuti nsomba zimakhala pamene pali podya ndi pobisala, kuti pamchenga munthu umangoona mapazi a anzako, kuti madzi a pamiyala amakhala oyera chifukwa palibe chowavundula. Mawu onsewo anali nawo m'Chichewa, okoma, oyalana bwino. M'Chizungu anangotuluka atatu: "Fish like stone."

A Ann anamwetulira ngati mmene amamwetulira anesi kwa wodwala. Anati mfundoyo ndi yabwino kwambiri, kungoti kumiyalako kulibe zimbudzi. A Steve anati kumchenga kuli bwino, poti magalasi akabwereka komweko, osavutika kunyamula.

Apa ndiye Rapson sakanatha kukhala chete. Galasi lobwereka? Limene lavalidwa ndi nkhope za dziko lonse, mphira wake utatha, madzi akungolowa ngati dengu? Nanga kapaipi koti kalowa m'kamwa mwa anthu osawerengeka? Anapisa dzanja m'jumbo muja n'kutulutsa mphatso yake.

"Angel, ichi n'chako, mama."

A Ann anawomba m'manja. Gemma anakankha mnzake kuti ayese. Angel anazengereza, koma anavala, ndipo galasi linamukhala ngati anachita kumuyeza. Anaika kapaipi kukamwa, n'kumayenda pabalaza akupalasa manja, Gemma akugubuduka ndi phwete. M'nyumba munali motentha, ndipo posakhalitsa galasi linachita nthunzi mkati.

"Dad, I can't see!" anafuula Angel, akuseka, manja atawalozetsa kwa atate ake.

Chibwerereni ku Mangalande, Rapson anali asanamvepo mwana wake akumuitana chonchi, akuseka naye, akufuna thandizo lake. Chimwemwe chinamuzunguza mutu, ndipo manja anangochita zomwe anazolowera moyo wake wonse. Anamuvula galasi lija, n'kusonkhanitsa malovu m'kamwa, n'kulavulira mkati mwake. Anapaka bwinobwino ndi chala mbali zonse, monga amachitira aliyense wolowa m'madzi kuti galasi lisachite nthunzi. Kenako anatenga tambula ya madzi a Ann patebulo, n'kutsukuluza pang'ono, madontho akugwera pakapeti, n'kumupatsira mwana wake akumwetulira.



Gemma anagwira pakamwa. A Steve anayamba kuyang'ana m'kabuku muja ngati muli nkhani yatsopano. A Ann anadzuka msangamsanga kukatenga pepala lopukutira, akubwerezabwereza kuti palibe vuto. Rapson anali chitambasulire dzanja, galasi likudontha. Angel sanalilandire. Anamuyang'ana ndi maso amene Rapson sadzawaiwala mpaka kufa, maso onyansidwa, kenako anatuluka panja osavala ndi nsapato zomwe.

Pobwerera, mtsikanayo anakwera pamwamba pa basi, atate ake pansi.

"Mwalavula?" anatero Felista atamva, chikwama chidakali paphewa. "M'sitting room mwa eni ake? Abale inu, bambo a Angel!"

"Ndi mmene timachitira. Popanda kutero suona kanthu."

"Kuno si ku Senga Bay. Mwanayu akuyenera kukakumana ndi Gemma ku school Monday. Mwaganizako zimenezo?"

Rapson anali asanaganizeko. Anakagogoda kuchipinda kwa Angel kuti apepese, koma wailesi inangokwezedwa.

Galasi lija analitsuka ndi sopo kangapo konse, n'kuliyanika pawindo. M'mawa wa tsiku la ulendo, Angel ali kubafa, analilowetsa m'sutikesi pansi pa zovala. Galimoto ya a Steve inabwera, anthu anakumbatirana, Angel anabayibitsa mayi ake. Rapson pobwerera m'nyumba analipeza galasi lili pasitepe yoyamba, kapaipi katasanjikidwa pamwamba pake mwaulemu.

Masiku amene Angel kunalibe, Rapson ankanyamula makatoni akuganiza chinthu chimodzi. Galasi lobwereka lija lichita nthunzi, palibe kuchitira mwina. Mwanayo akakhala pakati pa madzi osaona kanthu, ndipo akakumbukira atate ake. Anafika popempherera zimenezi, ngakhale ankachita manyazi kupempha Mulungu kuti tchuthi cha mwana wake chisokonezeke.

Angel anabwera Lamlungu masana, atada bwino ndi dzuwa, tsitsi litalukidwa ndi mikanda. Anali wosangalala moti anaiwala kuti sakulankhula ndi munthu. Anakhala patebulo la kukhitchini n'kumafotokozera mayi ake, mawu akuthamangitsana, Rapson ataima pakhomo, khutu labwino atalitchera.

Anapitadi kugombe la mchenga. Anabwereka magalasi m'kanyumba kaja, ndipo la Angel linachita nthunzi atangolowa m'madzi. Analivula, kulivala, kulivulanso, mpaka anatsala pang'ono kulira. Rapson anayandikira, mtima uli m'mwamba.

"Then Steve just took it and spat in it, Mum!" anatero Angel, maso akuwala. A Steve anatenga galasilo, n'kulavuliramo, kupaka ndi chala, kutsukuluza m'nyanja. A Steve anati anaona mwini boti wina akutero. Basi galasi linangoti mbee. Kenako a Steve anawatsogolera kumapeto kwa gombe komwe kunali timiyala, ndipo kumeneko anaona nsomba zachikasu, zamizeremizere, ina yobiriwira yaikulu ngati mbale imene inabwera mpaka pamphuno pake. "He's a genius. It was the best day of my life."

Felista anasiya kupukuta kapu. Anayang'ana mwamuna wake, kenako mwana.

"Koma Angel, si zomwezo anachita adadi ako tsiku lija?"

Mtsikanayo anakweza mapewa, osatembenuka n'komwe. "That's different."

"Kusiyana kwake kuli pati, mama?" anafunsa Rapson. Sanafunse mokalipa. Ankafunadi kudziwa.

Angel anayamba kusewera ndi mikanda ya m'tsitsi mwake. Rapson anadikira, ndipo podikirapo yankho linamufikira lokha. Masiku onsewa ankadzitonthoza kuti analakwitsa malo, kuti vuto linali kapeti ndi tambula ya a Ann, kuti m'madzi zikanakhala bwino. Koma malovu a bambo wa eni ake mwanayu anawavala kumaso tsiku lonse, n'kubwera nawo kunyumba ngati nkhani yabwino. Chomwe chinamunyansa si malovu ayi. Chinali mwini malovuwo.

Anayesa komaliza, poti kholo silitaya mtima msanga ngakhale litaona poyera.

"Yobiriwira ija, inali ndi milomo yotani? Inkadya pamwala?"

Foni ya Angel inalira. Anaiyang'ana n'kumwetulira, n'kudzuka.

"Just fish, Dad," anatero, kuti zinali nsomba basi, n'kumudutsa pakhomo cham'mbali kuti asakhudzane.

Felista anatsegula pakamwa, koma Rapson anapukusa mutu. Anakwera pamwamba pang'onopang'ono ngati nkhalamba, n'kutsitsa galasi lija pawodiropu. Analowa nalo kubafa, n'kukhoma chitseko, n'kukhala m'mphepete mwa bafa. Analivala. Linali laling'ono, linkamufinya m'mbali mwa maso. Kuseri kwa khoma ankamva mwana wake akuseka pafoni ndi Gemma. Posakhalitsa sinki, thawulo ndi miswachi itatu ya m'kapu zinayamba kuzimiririka m'nthunzi. Analivula kuti alikonze monga mwa masiku onse, n'kuliyandikiza kukamwa. Anayesa, anayesanso, koma m'kamwa munali mouma gwa, malovu osabwera.